MALOLE OLEMERA NDI MISEU YA MAKHONSOLO: NKHANI YA KU MSASA

Thumba la feteleza lisanafike m'manja mwa mlimi limadutsa m'miseu ya eni ake osiyanasiyana. Limayamba ulendo wake pa mseu waukulu wa boma, limakhotera mu mseu wa khonsolo ya mzinda, ndipo limakatsirizira pa kamseu ka dothi ka kumudzi. Mseu uliwonse mwa itatuyi unamangidwa kuti usenze katundu wa muyeso wakewake, koma kawirikawiri lole yonyamula thumbalo imakhala imodzi yomweyo. Pamenepa ndi pamene pagona mkangano wa pakati pa makhonsolo ndi eni malole. Alangizi a zaulimi ambiri amauona mkanganowu ngati nkhani ya apolisi a pamseu, kufikira tsiku limene mvula yobzalira yagwa koma mbeu ndi feteleza zili pa sikelo, makilomita mazana awiri kuchokera kwa alimi.

Dera la Msasa, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, likuonetsa bwino m'mene vutoli limayambira. Derali lili m'mbali mwa mseu ndi njanji zopita ku Mutare ndi ku doko la Beira. Dzinali ndi la mtengo wa m'nkhalango umene Ashona amautcha musasa, koma kwa wolankhula Chichewa limamveka loyenera pa chifukwa chinanso, pakuti madalaivala ambiri amagonadi pamenepo monga pa msasa, podikira kupakira kapena kutsitsa katundu. Ku Msasa kuli fakitale ya Zimphos, imene kwa zaka zambiri yakhala gwero la feteleza wa fosifeti m'dziko la Zimbabwe. Miyala yake inkakumbidwa ku Dorowa m'boma la Buhera, nkunyamulidwa pa malole kufikira ku siteshoni ya Nyazura, kenaka pa sitima kufikira ku Msasa. Kulinso nkhokwe za mafuta a galimoto, kumene kumathera paipi yochokera ku Beira kudzera ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Mafutawo amafika mwakachetechete pansi pa nthaka, koma amachoka pa malole a matanki. Mu 2017 kampani ya PPC inatsegulanso fakitale yopera simenti m'dera lomweli, ndipo chapafupi, ku Manresa, kuli fakitale yakale ya simenti imene yakhala ikudziwika ndi maina a Circle Cement, Lafarge ndi Khayah.

Feteleza, mafuta ndi simenti ndi katundu wolemera koposa. Tsono mafakitalewa sali pa okha m'tchire ayi. Azunguliridwa ndi malo okhala anthu: Msasa Park, Epworth, ndi malokeshoni a Mabvuku ndi Tafara, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo ao anachokera ku Malaŵi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'zaka za atsamunda. Miseu ya m'malo otere inamangidwa ndi phula lopyapyala pa miyala yochepa, poganizira mabasi, njinga ndi magalimoto ang'onoang'ono. Dalaivala akafuna kuzemba mzere wa magalimoto pa mseu wa ku Mutare, kapena akafuna kukagona kwao lole ili pakhomo, katundu wa matani makumi atatu amalowa mu mseu umene sunayembekezere ngakhale theka lake.

Chimene chimaononga mseu

Anthu ambiri amaganiza kuti mseu umaonongeka molingana ndi kukula kwa galimoto. Zoona zake nzakuti chimene phula limamva ndi kulemera kotsikira pa ekiselo iliyonse, ndiko kuti pa mtanda wachitsulo umene umagwira matayala a mbali ziwiri. Izi zinadziwika bwino pa kafukufuku wamkulu amene anachitikira ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America kuyambira 1958 mpaka 1960, wodziwika ndi dzina lakuti AASHO Road Test. Akatswiri anamanga miseu ya makulidwe osiyanasiyana, nayendetsapo malole usana ndi usiku kwa zaka ziwiri, akuyeza m'mene mseu uliwonse unali kuthera. Anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu kumawirikiza pafupifupi ka 16, pakuti kulemerako kumachulukitsidwa kokhakokha kanayi. Kuyambira pamenepo amisiri a miseu amawerengera zonse poyerekeza ndi ekiselo ya matani 8.2, imene amaipatsa mlingo wa 1.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo mlangizi aliyense angawachite pa pepala. Ekiselo ya matani 10 imaononga kowirikiza 2.2 poyerekeza ndi ya matani 8.2. Ikafika pa matani 12 imaononga kowirikiza 4.6. Motero kuonjezera matani awiri okha pa ekiselo ya matani 10 kumafupikitsa moyo wa mseu ndi theka, ngati malole onse akuchita chimodzimodzi. Galimoto yaing'ono, imene ekiselo yake sifika ndi pa tani imodzi, iyenera kudutsa kokwana zikwi khumi kuti ifanane ndi ekiselo imodzi ya matani 10 imene yadutsa kamodzi. Nchifukwa chake pomanga mseu amisiri sawerenga nkomwe magalimoto ang'onoang'ono.

Pali chinthu china chimene masamuwa amaulula, ndipo makhonsolo ambiri sachiganizira polemba malamulo ao. Lole yaikulu ya maekiselo asanu ndi imodzi, yonyamula matani 30 kapena matumba 600 a makilogalamu 50, ikapakiridwa bwino imalemera pafupifupi matani 47 onse pamodzi: matani 7 kutsogolo, 17 pa maekiselo awiri apakati, ndi 23 pa atatu a kumbuyo. Kuonkhetsa kuononga kwa maekiselo onsewo kumapereka mlingo wa pafupifupi 5. Tsono lole yaing'ono ya maekiselo awiri, yoyenera kunyamula matani 7, mwini wake akaiunjikira matani 11 kuti achepetse maulendo, ekiselo yake ya kumbuyo imafika pa matani 12, ndipo mlingo wake umakhala 4.6. Kalole kooneka kosalakwa kangathe kuononga phula pafupifupi mofanana ndi chilole chachikulu, katanyamula gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a katundu. Lamulo limene limangoyang'ana kukula kwa galimoto, osayeza maekiselo, limathamangitsa njovu nkusiya chiswe chikudya nsanamira.

Izi sizikutanthauza kuti lole yaikulu ilibe mlandu m'miseu ing'onoing'ono. Milatho ndi makalavati zimamva kulemera kwa galimoto yonse, osati kwa ekiselo imodzi yokha. Pokhota, matayala a ngolo ya kumbuyo amakhukhuluza phula ndi kuphwanya m'mphepete mwa mseu, ndipo lole ikaima usiku wonse pambali, imagumula ngalande. Ngalande ikatsekeka madzi amalowa pansi pa mseu, ndipo madzi ndiwo mnzake wamkulu wa ekiselo pa ntchito yoononga. Dothi la pansi pa phula likanyowa limataya mphamvu zake monga m'mene limachitira dothi la m'munda, makamaka la makande la m'madambo. Kum'mawa kwa Harare kuli madambo ambiri, ndipo mtsinje wa Mukuvisi umayambira chakomweko, ku damu la Cleveland. Mvula ya ku Harare imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, miyezi yomweyo imene malole a feteleza amachuluka pa mseu.

Mseu ndi wa yani?

Maiko a m'chigawo chino anagwirizana kale pa miyeso ya kulemera. Pangano la SADC la za mtengatenga ndi mtokoma, limene linasainidwa ku Maseru mu 1996, linalamula kuti maiko afananitse malamulo ao, ndipo miyeso imene mabungwe a SADC, COMESA ndi EAC anavomerezana pambuyo pake ndi iyi: matani 8 pa ekiselo yowongolera, 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, 18 pa maekiselo awiri oyandikana, 24 pa atatu, ndi matani 56 pa galimoto yonse ndi ngolo zake. Masikelo oyezera malole ali m'zipata za m'malire monga Forbes, Nyamapanda, Mwanza ndi Mchinji, ndiponso m'malo ena a m'miseu ikuluikulu. Ku Zimbabwe amayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoyeza magalimoto, ya VID.

Koma miyeso imeneyi inakonzedwera miseu ikuluikulu ya pakati pa maiko. Lole ingathe kudutsa pa sikelo popanda mlandu uliwonse, nkukagwetsa kalavati pa mseu wa kumudzi tsiku lomwelo. Ndiye chifukwa chake malamulo amapatsa makhonsolo mphamvu zoika malire aoao pa miseu imene ili m'manja mwao. Ku Zimbabwe miseu inagawidwa pakati pa nthambi ya miseu ya unduna wa za mtengatenga, makhonsolo a m'mizinda, makhonsolo a m'maboma a kumidzi, ndi bungwe limene kale linkatchedwa District Development Fund, limene tsopano ndi RIDA. Khonsolo ya Harare ili ndi malamulo oletsa malole olemera kudutsa m'katikati mwa mzinda ndi kuimikidwa m'miseu ya m'malo okhala anthu, ndipo nthawi ndi nthawi imalengeza kuti igwira onse ophwanya malamulowo. Aliyense woyenda m'malokeshoni madzulo angaone yekha kuti kulengeza ndi kugwira ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Gwero la mkwiyo wa makhonsolo ndi ndalama. Kale khonsolo ya Harare inkatolera yokha msonkho wa ziphaso za magalimoto. Cha m'ma 2010 ntchitoyi inapita ku ZINARA, bungwe losunga thumba la ndalama za miseu, limene limatoleranso ndalama za pa zipata zolipiritsa zimene zinayamba mu 2009. ZINARA imagawira makhonsolo gawo la ndalamazo, ndipo akuluakulu a mzinda wa Harare akhala akudandaula poyera kuti gawo lao ndi lochepa poyerekeza ndi magalimoto amene amayenda mu mzindawo. Mseu waukulu wochokera ku Plumtree kudzera ku Harare mpaka ku Mutare unakonzedwanso m'zaka zoyambirira za m'ma 2010 ndi ngongole ya banki ya DBSA ya ku South Africa, koma timiseu tolowera m'mafakitale ndi m'malokeshoni tinatsala m'manja mwa khonsolo. Pofika Febuluwale 2021 boma linalengeza kuti miseu ya m'dziko lonse ili pa ngozi yofuna chithandizo cha msanga. Khonsolo yopanda ndalama zokonzera mseu imatsala ndi chida chimodzi chotsika mtengo, ndicho chikwangwani choletsa.

Chikwangwani chimagwira ntchito pokhapokha dalaivala akakhala ndi kwina kodzera. Ku Tete, mlatho wa Samora Machel unasenza kwa zaka zambiri malole a pakati pa Zimbabwe ndi Malaŵi, akudutsa m'kati mwenimweni mwa mzinda. Mlatho wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzindawo, kunakhala kotheka kuwapatutsa malolewo, popeza njira ina inalipo. Ku Harare mseu wa Harare Drive unakonzedwa kuti uzungulire mzinda koma sunamalizidwe, kotero kuti lole yochokera ku Msasa kupita ku mafakitale a kumadzulo, ku nkhokwe za GMB ku Aspindale kapena ku mseu wa ku Beitbridge, ilibe njira yoongoka yolambalala anthu. Kuiletsa mseu umodzi ndi kuikankhira mu mseu wa anthu ena. Chimodzimodzinso lamulo loletsa kugoneka malole m'malokeshoni silingapite patali ngati palibe malo otetezedwa kumene dalaivala angasiye katundu wa eni ake nkukagona mtima uli m'malo.

Maiko ena amaletsa potsata nyengo m'malo moletsa chaka chonse. M'zigawo za kumpoto kwa America, madzi oundana a pansi pa mseu akamasungunuka, maboma ang'onoang'ono amatsitsa muyeso wa kulemera kwa masabata angapo. Ku Michigan amautsitsa ndi magawo 35 pa 100 alionse pa miseu ya phula, ndi 25 pa miseu ya konkire. Ku Cameroon kuli zipata za mvula pa miseu ya dothi, zimene zimatsekedwa kwa malole mvula ikagwa kufikira mseu utauma. Nzeru imeneyi ikuyenera kwambiri miseu ya kumidzi ya m'chigawo chino, pakuti mseu wa dothi umene ungasenze lole ya matani 30 mu Ogasiti popanda chovuta ungathe kusanduka chithaphwi ndi ulendo umodzi wokha wa lole yomweyo mu Januwale.

Mbali ya mlimi

Mlimi amapwetekedwa mbali zonse ziwiri, ndipo ichi ndicho chimaikitsa mlangizi pakati. Malole akaloledwa paliponse, mseu umafa, ndipo ogula mbeu amaleka kufika kapena amatsitsa mtengo kuti abweze ndalama za masipuling'i ndi matayala. Tomato wochokera ku Mutoko kapena ku Murewa akagwedezeka m'maenje usiku wonse amafika pa msika wa Mbare atatuwa ndi kuphwanyika, ndipo wotaya ndi mlimi. Malole akaletsedwa, katundu ayenera kutsitsidwa pa mseu waukulu nkupakiridwanso m'magalimoto ang'onoang'ono. Matani 30 amafuna maulendo asanu a lole ya matani 7, ndipo kutsitsa ndi kupakira kulikonse kuli ndi mtengo wake, matumba ake ong'ambika, ndiponso matumba ake osowa.

Kuchedwa ndiko koopsa kuposa mtengo. Feteleza wokulitsa, monga Compound D wa ku Zimbabwe kapena NPK wa ku Malaŵi, ayenera kukhala m'nthaka pobzala kapena mbeu zitangomera, chifukwa fosifeti sayenda m'dothi ndipo mizu imamufuna ikadali yanthete. Kumuthira chimanga chitafika m'mawondo ndi kutaya gawo lalikulu la phindu lake. Feteleza wobereketsa, AN kapena urea, ali ndi nthawi yakenso, masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi chimanga chitamera, ndipo nthawiyo imagwa pakatikati pa mvula pamene miseu ili yofooka koposa. AN akakhala pa mtetete podikira galimoto yaing'ono amayamwa chinyontho nkuumbika ngati mwala. Mbeu ya chimanga, ya soya kapena ya mtedza ikakhala masiku angapo pansi pa lona pa dzuwa la Okutobala, kameredwe kake kamatsika, ndipo mlimi amadzazindikira pamene mapando ena akhala opanda kanthu.

Palinso kuononga kumene sikuoneka ndi maso. Mseu ukaipa madalaivala amalambalala thope podzera m'mphepete mwa minda, ndipo pa nthawi yokolola eni minda ikuluikulu amalowetsa malole m'munda momwe. Kafukufuku wa ku Sweden ndi ku America wa m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti ekiselo ya matani 10 ikadutsa pa dothi lonyowa imalitsendereza kufikira masentimita 50 kapena kupitirira, kuya kumene khasu ngakhale pulawo sizifika, ndipo kutsenderezekako kumakhala zaka zambiri. Mizu imapindika ikafika pamenepo, madzi amaleka kulowa, ndipo chimanga chimafota msanga pa ng'amba ya masabata awiri. Madzi osefukira kuchokera mu ngalande yotsekeka amayambitsanso zigwembe m'minda ya kumunsi kwa mseu.

Kodi mlangizi angachitenji, popeza salemba malamulo ndipo alibe sikelo? Choyamba ayenera kudziwa mwini wa mseu uliwonse wa m'dera lake, ndi mlatho kapena kalavati imene ili yofooka koposa, pakuti imeneyo ndiyo imalamula kukula kwa lole imene ingafike. Oitanitsa zipangizo ku likulu sadziwa zimenezi. Amatumiza lole ya matani 30 chifukwa ndiyo yotsika mtengo pa thumba lililonse, ndipo nkhani ya kalavati amaimvera pa telefoni lole itatitimira kale. Mlangizi akanena msanga, malo otsitsira angasankhidwe pa mseu wolimba, pokhala denga ndi mlonda, ndipo ngolo za ng'ombe, mathirakitala ndi malole ang'onoang'ono zingakonzedwe nthawi ikadalipo. Ayeneranso kulankhula pa misonkhano ya chitukuko ya khonsolo pamene lamulo likukambidwa, osati litakhomedwa kale pa mtengo. Pamenepo angapemphe kuti malire akhale a pa ekiselo ndi a pa nyengo, ndi kuti pakhale chilolezo chapadera cha katundu wosachedwa kuonongeka monga mkaka ndi ndiwo zamasamba. Kupempha kuti katundu yense wa ulimi asakhudzidwe ndi lamulo sikwanzeru ayi, pakuti mseu sudziwa kusiyanitsa thumba la feteleza ndi la simenti.

Amene amaoloka malire ali ndi chinthu china choti asamale. Lole yopezeka yolemera mopitirira pa sikelo siloledwa kupitirira kufikira katundu atachepetsedwa kapena kusunthidwa, ndipo kawirikawiri mlandu sukhala wa kulemera kwa galimoto yonse koma wa kupakira kolakwika, matumba ataunjikana pa ekiselo imodzi. Mbeu za kafukufuku zotumizidwa kuchokera ku Harare kupita ku Chitedze kapena ku Msekera zimayenda m'timaphukusi tochepa, koma zikakwezedwa pa lole ya katundu wina zimachedwa pamodzi ndi loleyo, ndipo munda woyeserera wobzalidwa mochedwa ndi masabata atatu supereka zotsatira zoti nkuyerekeza ndi za malo ena.

Njanji

Mafakitale a ku Msasa anamangidwa m'mbali mwa njanji mwadala, poyembekezera kuti katundu wolemera adzayenda pa sitima. Kampani ya njanji ya Zimbabwe, NRZ, inanyamula pafupifupi matani 18 miliyoni mu 1998, koma m'zaka zoyambirira za m'ma 2020 inali kunyamula osafika matani 3 miliyoni pa chaka. Gawo lalikulu la katundu wotsalayo linatsikira pa mseu. Tani miliyoni imodzi iliyonse yochoka pa njanji ndi maulendo a malole oposa 33,000 a matani 30, ndipo ulendo uliwonse umayambira ndi kuthera pa mseu wa khonsolo. Dziko la Zambia linayesa kubweza katunduyu mwa lamulo mu 2018, polamula kuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga kopa, malasha, simenti, shuga ndi mafuta aziyenda pa sitima, ngakhale kuti lamulo lotere limadalira kuti mabogi ndi mainjini zikhalepo. Ku Mozambique njanji ya pakati pa Beira ndi Machipanda inakonzedwanso ndi kutsegulidwa mu Novembala 2023. Kuchokera pa malirewo kufika ku Msasa patsala mtunda woposa makilomita 250 wa njanji ya NRZ, wodzera ku Mutare, Nyazura, Rusape ndi Marondera.